Machubu aatali otsekuka pakati: ndi abwino pa muzu, koma amafuna munthu wodziwa njere

Machubu amene ndikuwanenawa si aja apulasitiki yakuda yofewa amene tonse tinawazolowera pa nazale. Awa ndi olimba, aatali masentimita 25, kukamwa kwake kuli masentimita 5 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo amanka nachepa mpaka kukathera pa bowo lalikulu pansi. Amabwera olumikizana anayianayi, ndipo gulu lililonse limatsekuka pakati, mbali ina uku ina uko, moti mbande umatha kuiona yonse ndi mizu yake osaizula. Mkati mwa chubu chilichonse muli timizere totukuka toyenda kuchokera kukamwa mpaka pansi. Maguluwo amaimikidwa m'chimango chomwe chimawanyamula m'mwamba kuti mabowo asakhudze dothi. Makampani angapo amapanga machubu otere ndipo mayina ake ndi osiyanasiyana, koma onse amene ndagwirapo amagwira ntchito mofanana, choncho ndikunena za mtundu wake.

Ndinene msanga pomwe ndaima. Ngati mukufesa mitengo yoti ikakhale pamalo pomwe mvula imagwa miyezi itatu kapena inayi, kenako n'kutsala dzuwa lokhalokha, machubu awa amawaposa kutali apulasitiki yofewa. Mtengo wa kumalo ouma umakhala kapena kufa malinga ndi pomwe muzu wake wafika pa nthawi imene chinyezi chapamwamba chikutha, ndipo amene anapanga machubuwa ankaganizira muzu asanaganizire masamba. Zovuta zilipo, zina zowawa ndithu, ndipo ndizitchula zonse.

Aliyense amene anafesapo nsangu anaona zimenezi ndi maso ake. Kamtengo kakadali ndi timasamba tingapo, kosaposa chala kutalika, koma ukakafukula umapeza muzu watsika kale kutalika kwa dzanja lonse. Mthethe, bwemba, tsanya, mlambe, zonse n'chimodzimodzi. Njere ikangomera, chakudya chimene inasunga imachitumiza pansi poyamba. Dothi lapamwamba limauma pakangopita masiku ochepa mvula italeka, ndipo kuumako kumanka kutsika tsiku ndi tsiku. Nsonga ya muzu iyenera kukhala patsogolo pa kuumako nthawi zonse. Ikangotsalira, kamtengoko kapita, ngakhale masamba ake anali obiriwira bwanji dzulo lake. Ndipo mitengo imeneyi imatsika mochititsa mantha ikapatsidwa mpata. Ku Kalahari, m'dziko la Botswana, okumba mjigo mu 1974 anapeza muzu wa mtengo wotchedwa Boscia albitrunca pa mamita 68. Pamgodi wina pafupi ndi Tucson, ku Arizona, muzu wa mtengo wa mesquite unapezeka pa mamita 53. Ku Senegal ofufuza anaitsata mizu ya nsangu mpaka pa madzi apansi panthaka, kupitirira mamita 30. Mtengo wa ulendo wautali choncho ndi umene timautsekera m'kathumba ka masentimita 15.

M'kathumba kameneko muzu ukagunda pansi uli ndi njira ziwiri zokha. Ukapeza bowo umatulukira pomwepo n'kulowa m'dothi la pa nazale, ndipo tsiku lonyamula mbande umaduka. N'chifukwa chake alangizi amati tizisuntha machubu ndi kudula mizu pafupipafupi, ntchito yotopetsa imene ambiri amaiiwala ntchito zina zikachuluka. Ukapanda kupeza bowo umapinda n'kuyamba kuzungulira m'mphepete. Muzu wopinda suwongokanso. Mtengo wotere umabzalika bwino, umabiriwira nthawi yonse ya mvula, mwina umadutsa ndi chilimwe choyamba ngati chinali chofatsa, kenako umangouma popanda chifukwa chooneka. Ndili ndi chizolowezi chokumba mtengo uliwonse wondifera kuti ndione chaupha. Yambiri yochokera m'machubu ofewa ndimaipeza muzu waukulu utapotana ngati nkhata pansi pa tsinde, osatsika ngakhale chikhato chimodzi kupyola pomwe panathera pulasitiki.

Machubu aataliwa amalithetsa vuto limeneli m'njira ziwiri. Timizere tija timaletsa muzu kuzungulira: ukafika pakhoma umagunda kamzere n'kukatsata molunjika pansi. Ndipo nsonga ikatulukira pa bowo lapansi simapeza dothi, imapeza mpweya, ndiye imauma yokha popanda bala la mpeni. Nsonga ikauma, kumtunda kwake kumaphuka timizu tina tambiri, nato n'kutsika motsata timizere. Pomadzafika nthawi yowokera, dothi lonse la m'chubu lakhala chinthu chimodzi chomangidwa ndi mizu yoloza pansi yokhayokha, ndipo kumunsi kuli nsonga zambiri zodikira dothi lonyowa.

Pamenepa pali mfundo imene ogulitsa saitchula kawirikawiri. Kuuma kwa nsonga kuja kumaimitsanso muzu waukulu. Mtengo wochoka m'chubu chotere sukhala ndi muzu umodzi wosadukiza ngati wa mtengo womera wokha m'tchire. Chimene chimachitika n'chakuti mizu iwiri kapena itatu mwa yophukira kumunsi ija imatenga malo a muzu waukulu n'kutsika. Pa nsangu ndi mthethe ndaona ikutsika bwino ndithu, mowongoka. Komabe amene anganene kuti machubuwa amasunga muzu waukulu momwe unalili akukokomeza. Amangouteteza kuti usapinde ndi kuti usang'ambike, ndipo phindu lake lonse lili pamenepo.

Kutalika kwake nakonso n'kofunika kukuyang'anitsitsa pogula. Machubu otsekuka pakati anayambira ku Canada m'zaka za m'ma 1970, opangira mbande za mitengo ya m'nkhalango zozizira, ndipo mpaka lero ambiri amene amagulitsidwa ndi aafupi, masentimita 8 kapena 12, oyenera maluwa ndi masamba. Amenewo musawataire ndalama ngati cholinga chanu chili mitengo ya kumalo ouma, chifukwa muzu wa nsangu umafika pansi pake masamba enieni asanatuluke n'komwe. Anthu obwezeretsa zomera m'chipululu ku Joshua Tree, ku California, anafika pogwiritsa ntchito mapaipi aatali kupitirira masentimita 70. Ndiye masentimita 25 si aatali kwenikweni. Ndi pakatikati pomwe munthu angathe kudzaza dothi, kunyamula ndi kukumbira dzenje osathyoka msana.

Chimene ndimachikonda koposa ndi kutsekuka kuja. Ndinkaganiza kuti ntchito yake ndi ya tsiku lowokera lokha, koma ayi, ndimatsekula pafupifupi sabata iliyonse. Umachotsa gulu limodzi m'chimango, kuligoneka pa bondo, n'kukankha pang'ono ndi chala chachikulu, ndipo mbali imodzi imanyamuka. Mthethe wa milungu ingapo umaoneka wonse: muzu waukulu woyera mbee utatsamira kamzere kuyambira pamwamba mpaka pansi, timizu ta m'mbali topyapyala kuposa ulusi, ndipo apo ndi apo timaphundu tozungulira tating'onoting'ono. Ukaphwanya kamodzi ndi chikhadabo, mkati mwake mumakhala mofiirira. Kufiirako kumasonyeza kuti tizilombo tam'dothi tomwe timakhala m'timaphundumo tikugwira ntchito yokoka nayitirojeni mu mpweya n'kupatsa mtengo. Timaphundu tikasowa, ndimakatapa dothi pang'ono pansi pa mtengo waukulu wa mtundu womwewo n'kusakaniza m'madzi othirira. Kutsekulako kumakuonetsanso ngati madzi akufikadi pansi. Nthawi zambiri pamwamba pamaoneka ponyowa pomwe theka lakumunsi lili louma gwa, ndipo m'chubu chofewa zimenezi sungazidziwe mpaka mbande itafota. Ukamaliza kuona umatsekanso, mbande osadziwa kanthu.

Tsopano dandaulo langa lalikulu, lomwe silikhudza pulasitiki koma kapepala ka malangizo kamene kanabwera m'bokosi. Kanangoti dzazani dothi, ikani njere, thirirani. Munthu wotsata mawu amenewo ndi njere za mthethe kapena nsangu angathirire mwezi wathunthu n'kuona timitengo tiwiri titatu m'chimango chonse, kenako n'kunena kuti machubu ndi achabechabe kapena njere zinali zakufa. Pomwe njerezo n'zamoyo, zangokana kumwa madzi.

Mitengo yambiri ya m'gulu la nyemba ya kumalo ouma ili ndi njere za khungu lolimba losalowa madzi. Kumeneko n'kudziteteza. Kumalo otere mvula yoyamba imanamiza, imagwa tsiku limodzi n'kusowa milungu itatu. Njere ikamwa madzi n'kuyamba kumera sibwereranso m'mbuyo, ndipo dothi likauma imafa. Ndiye khungu lolimbalo limachititsa kuti njere za mtengo umodzi zisamere zonse pamodzi. Zina zimamera chaka chino, zina chaka chamawa, zina patapita zaka zambiri, malinga ndi nthawi imene khungu la iliyonse lagonja. M'tchire limagonja chifukwa cha kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa usiku, moto wodutsa msanga, kukhulika pa mchenga, kapena kudutsa m'mimba mwa njovu, mbuzi, ng'ombe ndi nswala zomwe zimadya makoko ake. Chaka chimodzi choipa sichingaphe mbeu yonse ya mtengowo. Koma pa nazale ife timafuna zonse zimere sabata imodzi, ndiye ntchito ya njovu ndi dzuwa timaigwira tokha.

Njira imene ndimaidalira pa njere zochepa ndi chodulira zikhadabo. Umagwira njere ya nsangu, n'kuyang'ana kachipsera komwe inalumikizana ndi khoko. Muzu umatulukira pafupi ndi kachipserako, ndiye umadula kumbali inayo, kakhungu kochepa chabe mpaka kuyera kwa mkati kuoneke. Ukaziviika usiku umodzi, m'mawa umazipeza zitatupa pafupifupi kuwirikiza kawiri, zofewa, madzi atasanduka ofiirira. Zotupazo uzifese tsiku lomwelo, zisaumenso. Zimene zakana kutupa uzidulenso. Njere zikakhala zambiri, madzi otentha amathandiza: kuwiritsa madzi, kuwaphula pamoto, kuwathira pa njere, n'kuzisiya momwemo mpaka mawa madziwo akuzizira okha. Osaziwiritsa pamoto ayi. Mthethe ndi kesha zimayankha bwino ku madzi otentha. Malo akuluakulu ofesera mbeu amagwiritsa ntchito asidi wa sulfuric, koma ameneyo ndi woopsa kwa munthu wopanda zodzitetezera, ndipo chodulira zikhadabo chimagwira ntchito yomweyo.

Si njere zonse zofuna kuvulazidwa. Tsanya alibe tulo totere: njere yake yamakwinya, yonunkhira utomoni, imamera m'masiku ochepa ikangonyowa, ndipo madzi otentha angaiphe. Nimu ndiye wofuna changu, chifukwa njere zake zimataya moyo msanga zikasungidwa, choncho uzifese zikadali zatsopano. Cham'mwamba sichivuta. Msau ndi mfula zili ndi njere zobisika m'chigoba cholimba. Cha msau ndimachiswa mosamala kuti nditulutse njere zenizeni. Cha mfula chili ndi tizitseko tiwiri kapena titatu, kalikonse kotseka njere imodzi, ndipo chikauma bwino umatha kutukula kachitsekoko ndi nsonga ya mpeni. Mlambe umafuna kudulidwa khungu kapena kuviikidwa m'madzi otentha, ndipo ngakhale utatero umamera mosiyanasiyana masiku. Zonsezi zikanakwana pa kapepala kamodzi. Wopanga machubu a mitengo ya mizu yakuya akudziwa bwino lomwe kuti ogula ake ambiri akufesa njere zolimba, ndipo kusanenapo kanthu n'kulakwira ogulawo.

Pali chinanso chimene chimapha njere zisanafike m'chubu. Tizilombo tofanana ndi anankafumbwe timaikira mazira pa makoko akadali mu mtengo, mphutsi n'kumakulira mkati mwa njere. Ukaona kabowo kozungulira bwinobwino pa njere, dziwa kuti mwini wake anadya n'kutuluka. Makoko otola pansi atakhalitsa amakhala ndi njere zoboola zambiri kuposa othyola mu mtengo atangokhwima. Ndipo ukazisunga m'botolo osazisankha, tizilomboto timapitiriza kuswana momwemo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri pa machubu awa kusiyana ndi ofewa, chifukwa chubu chilichonse chopanda mbande ndi malo okwera ndalama amene angokhala. Ine ndimameretsa kaye njere zotupa pa nsanza yonyowa, ndipo kamuzu kakangosuzumira ndi pomwe ndimaika imodzi m'chubu chilichonse, kamuzu kataloza pansi, mozama kuwirikiza kawiri kunenepa kwa njereyo. Osachedwa mpaka kamuzu katalike, chifukwa kamathyoka kapena kupinda poika, ndipo ukatero wabweretsa wekha vuto lomwe unagulira machubu kuti ulithawe.

Zovuta za machubu eniakewo nazi. Choyamba, amauma msanga. Dothi lake ndi lochepa, pansi ndi potseguka, mphepo ikudutsa kunsi. Tsiku lotentha la mphepo youma amafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo ukaphonya tsiku limodzi m'nyengo yotentha mzere wa m'mphepete umafota. Kwa munthu wotunga madzi kutali, limeneli si vuto laling'ono, ngakhale kuti madzi onse ofunika pa mbande imodzi ndi ochepa kusiyana ndi a m'chubu chofewa chachikulu. Ndi ochepa koma ofunika pafupipafupi, ndiye nazale yake siyosiya n'kupita ulendo.

Chachiwiri ndi mtundu wakuda. Pulasitiki yakuda ikawombedwa ndi dzuwa lamasana imatentha mpaka kufika madigiri 50, ndipo mizu imapsa kutenthako kusanafike n'komwe pamenepo. Ndinazitsimikiza potsekula magulu a m'mphepete, a mbali yolowera dzuwa: mizu ya kukhoma lakunja inali yofiirira, yofota, pomwe ya mbali yamkati inali yoyera bwinobwino. Tsopano ndimakulunga chimango ndi chiguduli choyera kapena kutchinga ndi udzu m'mbali. Zimathandiza, koma ndi ntchito imene wopanga akanatichotsera.

Dothi nalo limasankha. Dothi lamakande lokhalokha limagwirana m'chubu chopapatiza, madzi osatsika, mizu n'kubanika. Mchenga wokhawokha umathothoka pa bowo lapansi, ndipo tsiku lotsekula umangomwazika n'kusiya mizu pamtunda. Chimene chandiyendera ndi kusakaniza dothi lapamwamba, mchenga wokhuthala ndi kompositi yowolerana bwino yosefa, kompositiyo ikhale yambiri kuposa mmene timachitira m'machubu ofewa. Podzaza umagogoda chimango pansi kangapo kuti dothi likhazikike, apo ayi mumatsala mphako pakati, ndipo muzu ukafika pamphakopo umauma ngati wafika pa bowo lapansi. Kudzaza kumatenga nthawi, kukamwa n'kochepa.

Chimango chiyenera kukhala m'mwamba zenizeni. Mukachikhazika pa dothi kapena pa thabwa lonyowa, mizu imatuluka n'kumayenda pansi, n'kulukanalukana ndi ya machubu oyandikana nawo, ndipo phindu lonse latha. Miyendo ya chimango chomwe chinabwera ndi anga ndi yaifupi kwambiri, udzu ukangomera kunsi mpweya sudutsanso. Ndinachikweza pa thandala la waya lofika m'mawondo, ndipo zinathandizanso kuti chiswe chisakwere.

Polumikizira pomwe gulu limapindikira potsekula ndi pomwe pamayamba kung'aluka. Dzuwa limaifoola pulasitikiyo pang'onopang'ono mpaka imayamba kuthetheka. Ukamawatsuka n'kuwasunga mumthunzi nyengo yofesa ikatha, amakutumikira zaka zingapo. Ukawasiya pabwalo chilimwe chonse, usadabwe. Pogula amafuna ndalama zambiri kuposa machubu ofewa, ndipo zimabwerera pokhapokha ukawagwiritsa ntchito mobwerezabwereza. Izi zikutanthauzanso kuti si machubu opatsira munthu mbande n'kupita nayo. Wogawa kapena wogulitsa mbande ayenera kupita nawo yekha kumunda n'kubwera nawo, kapena kutulutsa mbande n'kuzikulunga m'nsanza yonyowa, zomwe zimatheka ngati zikabzalidwe tsiku lomwelo.

Mitengo ina sigwirizana nawo machubuwa. Njere ya msambamfumu, yakuda ya kachipewa kofiira ija, ndi yaikulu moti imatenga malo ambiri kukamwa kwa chubu. Mlambe umamera bwino, koma muzu wake umatupa kukhala nkhokwe ya madzi kamtengo kakadali kakang'ono, ndipo ukachedwa kuwokera umathinana ndi makoma mpaka gulu kukanika kutsekeka. Mlombwa sindinaupindulepo kwenikweni m'chubu cha mtundu uliwonse. Ndipo pa mitengo yonse, nthawi yokhala m'machubuwa ndi yaifupi. Nsangu ndi mthethe zikapitirira miyezi itatu zimayamba kupinimbira. Choncho tsiku lofesa umaliwerengera chobwerera kuchokera pa nthawi yomwe mvula imakhazikika, osati kufesa pomwe njere zapezekera.

Kowokera ndi kumene machubuwa amaonetsa ubwino wake wonse. Milungu iwiri kapena itatu isanafike nthawi, ndimachotsa mthunzi n'kuchepetsa madzi kuti mbande zikhwime. Ndimadikira mvula yolowa pansi ndithu, yoti ukakumba mpaka m'chigongono upeze dothi lonyowa, osati yongonyowetsa fumbi. Usiku wake ndimathirira mokwanira. Kumunda umatsekula gulu, mbande n'kutuluka yonse ndi dothi lake, yowongoka, osang'amba pulasitiki ndi lumo, osasiya zinyalala m'munda. Kumunsi kwa mbandeyo kumakakhala pa masentimita 25 tsiku loyamba lomwelo, m'dothi lomwe silimauma ndi ng'amba ya sabata imodzi. Patapita masiku owerengeka ndinafukula imodzi pambali kuti ndione, ndipo nsonga zija zinali zitatulutsa kale timizu tatsopano toyera tolowa m'dothi la m'munda. Mbande ya m'chubu chofewa yodulidwa muzu imayamba yachira bala lake, ndipo masiku amene imataya pamenepo ndi masiku a chinyezi amene sabweranso.

Dzenje lokha likufuna nzeru. Popeza mbande yake ndi yowonda, munthu amakopeka kungoboola ndi chitsulo n'kuilowetsa. M'dothi lofewa zimatheka. M'dothi louma lolimba, chitsulocho chimasalaza makoma a dzenje n'kupanga chubu china cha dothi, mizu osatha kuboola. Ndi bwino kukumba dzenje lenileni, kuswa pansi pake mozama kupitirira pomwe mbande ithere, n'kusiya beseni pamwamba loti ligwire madzi. Alimi a ku Burkina Faso ali ndi maenje awo otchedwa zai, omwe amathiramo manyowa kuti chiswe chibwere n'kuboola njira zolowera madzi. Yacouba Sawadogo, mlimi wa ku Yatenga amene analandira mphoto ya Right Livelihood mu 2018, anameretsa nkhalango pa nthaka yoguga pogwiritsa ntchito maenje amenewa. Mbande ya m'chubu chachitali ikalowa m'dzenje la mtundu umenewo, n'kuphimbira pamwamba ndi udzu wosakhudza tsinde, imakhala yapatsidwa zonse zimene munthu angathe.

Ngati pali madzi othirira m'chilimwe choyamba, alowe pansi. Kuwaza pamwamba pang'onopang'ono kumaitanira mizu kumtunda, komwe kukauma ifera. Kapaipi koimika pambali pa mbande kapena mphika wadothi wokwirira zimafikitsa madzi kumunsi kumene machubuwa analozetsa mizu. Pali zipangizo zopangidwira ntchito imeneyi, monga Groasis Waterboxx ya Pieter Hoff wa ku Netherlands, yomwe imasunga malita pafupifupi 15 n'kumadonthezera pansi kudzera pa chingwe, koma kapaipi wamba kamathandiza kale kwambiri. Mbuzi ndi moto ndiye palibe chubu chimene chingaletse. Mbande ya nsangu yosatchingira ndi minga kapena mpanda imadyedwa tsiku lomwe msipu wina wauma.

Ndipemphe chinthu chimodzi kwa amene adzaweruze machubuwa pa kutha kwa chilimwe choyamba: musafulumire kuzula. Mitengo yambiri ya kumalo ouma imayoyola masamba, ina imauma thunthu lonse mpaka pansi, muzu uli moyo. Mlombwa ndi mitengo ina ya m'nkhalango za miombo imachita zimenezi chaka ndi chaka kwa zaka zingapo, kumtunda kukufa, kunsi kukukula, mpaka muzu utakwanira kunyamula thunthu lokhalitsa. Nsangu yaikulu ndiye imachita zosemphana ndi inzake, imayoyola masamba nthawi ya mvula n'kubiriwira m'chilimwe. Kandani khungwa ndi chikhadabo pafupi ndi dothi. Mukaona kubiriwira mkati, kamtengoko kali moyo, kasiyeni.

Kodi aliyense wofuna mitengo pamalo ouma awagule? Ayi. Yambani mwayenda pamalopo n'kuyang'ana pansi. Ngati pali zitsa zomwe zimaphukira chaka chilichonse, muli kale ndi mizu yakuya imene nazale iliyonse singakupatseni. Tony Rinaudo, wa ku Australia, anazindikira zimenezi ku Maradi m'dziko la Niger mu 1983, atatopa ndi kubzala mbande zomwe zinkangofa. Alimi anayamba kusankha mphukira zamphamvu pa chitsa chilichonse n'kudulira zinazo, ndipo njira imeneyi inabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni m'dzikolo. Pamalo otero ndalama za machubu n'zongotaya. Ngatinso muli ndi njere zambiri zaulere ndipo mbewa, mbalame ndi chiswe sizikuvutani kwambiri, kufesa njere zodulidwa khungu pamalo pomwepo mvula itakhazikika kumapereka mtengo wa muzu wosadukiza. Zambiri zimafa, koma zotsalazo zimakhala zolimba kuposa mbande iliyonse yowokera. Machubu aatali ndi a pamalo pomwe zitsa zinazulidwa, njere ndi zochepa kapena zovuta kupeza, ndipo mvula ndi yaifupi moti kamtengo kakufunika kuyamba nyengo kali kale ndi muzu wa masentimita 25.

Pamalo anga zinthu zili choncho, ndiye ndipitiriza kuwagwiritsa ntchito pa nsangu, mthethe, bwemba, tsanya ndi msau. Mlambe ndi msambamfumu ndizifesa pamalo pomwe zidzakhale. Kwa opanga ndikupempha zinthu zinayi: pulasitiki yoyera kunja ndi yakuda mkati, miyendo ya chimango yotalikirapo, mtundu wina wa masentimita 40 wa mitengo yothamanga muzu ngati nsangu, ndi tsamba limodzi m'bokosi lofotokoza njere zofuna kudulidwa khungu, zofuna madzi otentha ndi zosafuna kanthu.